Musanalipire gemu imeneyi mvereni kaye zomwe zinandionekera ine

Achimwene mwati mukufuna kulipiratu gemu yatsopano ya pa intaneti, ija yosewera anthu ambirimbiri pamodzi, kuti mulowe tsiku loyamba eti, ndipo mukufunsa kuti muyembekezere chani. Ine ndikuuzani zomwe mu trailer, kavidiyo kotsatsa gemuyo, mulibe, chifukwa ndinalipiratu gemu ina ya mtundu womwewu ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Tsiku loyamba simudzasewera ayi, mudzaima pamzere. Mudzadina kuti mulowe, pasikirini padzatuluka nambala yoti patsogolo panu pali anthu masauzande angapo, nambala ija imatsika pang'onopang'ono, nde ikatsala pang'ono intaneti ikangodukiza kamphindi basi mwabwerera kumapeto kwa mzere. Si ine ndekha amene ndinaziona izi. Gemu ya New World itatuluka pa 28 September 2021, masiku oyambirirawo anthu oposa 900,000 ankakhala ali pa gemu nthawi imodzi pa Steam, pulogalamu yogulira ndi kusewerera magemu pa kompyuta, pomwe seva iliyonse, kompyuta ya eni gemu yomwe osewera amalumikizako, inkangololeza anthu pafupifupi 2,000, tangoganizani mzere wake. Patangopita masabata ochepa anthu anatulukira njira yochulukitsira golide, ndalama za mu gemu, mwachinyengo mpaka eni ake anaimitsa kaye malonda pakati pa osewera. Final Fantasy XIV nayo mu December 2021 itatulutsa gawo lake latsopano lotchedwa Endwalker anthu anadzaza kwambiri mpaka anasiya kaye kugulitsa gemuyo kwa atsopano. Nde ngati makampani akuluakulu chonchi zinawavuta, musaganize kuti iyiyi idzayamba bwinobwino.

Koma mzere si umene unandipweteka ine. Mzere umatha. Chomwe chinandipweteka ndi anthu.

Ine ndinali healer, wochiritsa anzake pankhondo. Amene mwasewerapo mukudziwa kuti healer ndi ntchito yopanda thokozo, tank, uja amaima kutsogolo kulandira nkhonya za adani, akafa mlandu ndi wako, DPS, uja ntchito yake ndi kumenya adani, akaima dala pamoto mlandu ndi wakonso, boss, chimdani chachikulu cha mu gemu, akafa onse amatamanda amene wamenya kwambiri iwe osakutchula n'komwe. Ndinalowa guild ina, gulu la osewera, sabata yoyamba yomwe, mtsogoleri wake ankayankhula bwino zedi pa Discord, pulogalamu yomwe osewera amayankhuliranapo, amvekere ife ndi banja pano palibe wamkulu palibe wamng'ono, ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse. Tinkagwiritsa ntchito DKP, aja mapointi amene anayambira ku gemu ya EverQuest kalekale, ukabwera ku raid, pomwe gulu lonse limakamenyana ndi ma boss, umapeza mapointi, chida chikagwa amene ali ndi ambiri ndi amene amatenga. Miyezi itatu, katatu pa sabata, sindinajombeko ngakhale kamodzi. Masiku opanda raid ndinkayendayenda ndekha m'mapu kutola zitsamba, kupanga ma potion, mankhwala a mu gemu, n'kukaika mu banki ya guild kuti aliyense atenge ulere, chifukwa ndinkati ndi zathu tonse.

Panali boss wina amene anatigonjetsa masabata anayi otsatizana. Tikafika naye pamapeto amaponya moto pansi ponse, uyenera kuthawa kwinaku ukuchiritsa tank, ndipo ine ping yanga, nambala yoonetsa kuchedwa kwa intaneti, inkapitirira 200, kutanthauza kuti zomwe ndikuona pasikirini zachitika kale, nde ndinachita kuloweza pamtima nthawi yomwe amaponyera motowo kuti ndizithawa usanaoneke. Ndinkaonera mavidiyo a nkhondo zathu ndekha usiku, kuwerenga masekondi, kulemba papepala. Usiku umene tinamugwetsa tinali titafa kale kasanu ndi kawiri, anthu atatopa, ena akuti tiyeni tikagone tidzayesenso sabata ya mawa, ine ndinachita kuwapempha kuti kamodzi kokha komaliza. Ulendo womalizawo healer mnzanga anafa pakati penipeni, ndinatsala ndekha ndi anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi, mana, mphamvu yochiritsira ija, atatsala pang'ono kutha, manja akunjenjemera, tank magazi ake akutsika ine ndikukweza, akutsika ndikukweza, mpaka boss uja anagwa ine nditatsala ndi kadontho kokha ka moyo. Anthu anakuwa pa Discord mpaka m'makutu kuwawa. Kenako ndodo ija inagwa, ndodo ya healer yomwe ndinkaidikira miyezi yonseyi, ndipo pa mndandanda wa mapointi ine ndinali pamwamba, aliyense ankadziwa, ena anayamba kale kundilembera kuti zabwino zonse.

Mtsogoleri uja ndi amene ankagawa zida. Anangokhala duu kwa kanthawi, kenako ndinangoona pa chat palembedwa kuti ndodo yapita kwa mnzake wina amene analowa guild masabata awiri okha apitawo, munthu woti sanalinso healer, amvekere akufuna kudzayesa u healer mtsogolo muno. Pa Discord panangoti zii. Anthu onse aja amene ndinkawachiritsa miyezi itatu palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa. Ndinafunsa mwaulemu ndithu kuti kodi mapointi aja ntchito yake ndi chani, iye amvekere malamulo tinasintha dzulo ku msonkhano wa akuluakulu, msonkhano woti palibe anaumvapo. Nditafunsanso kachiwiri ananditseka maiki. M'mawa ndikulowa ndinapeza pansi pa dzina langa palibe dzina la guild, andichotsa, ku Discord anditsekera, zitsamba ndi ma potion onse ndinaika mu banki muja apita nawo.

Munthu ameneyu ndimamukwiyirabe. Si nkhani ya ndodo ayi, ndodo ija patapita miyezi ingapo inatuluka ina yoiposa, ndi mmene magemu awa amakhalira, chida chomwe ukuchifera lero update ikabwera chimasanduka chachabechabe. Chomwe chimandiwawa ndi chakuti ankadziwa kuyambira kale kuti adzatero, nthawi yonse ija ankanditchula m'bale wanga akungofuna kuti boss agwe basi. Ndipo aja anakhala chete aja ndimawaona ngati ndi amodzi ndi iyeyo, mmodzi anadzandilembera kumbali kuti pepani zinalakwika koma sindikanatha kuyankhula ndimaopa kuchotsedwa nanenso. Mxiii. Ndinalembera eni gemu, anandiyankha patatha masiku kuti zogawana zida ndi nkhani ya pakati pa osewera iwo salowererapo. Ndinaisiya gemuyo mwezi womwewo, subscription ndinali nditalipira kale ya miyezi isanu ndi umodzi.

Nde mukamaona zomwe eni gemu yatsopanoyi akulonjeza, dziko lalikulu, nkhondo za magulu, malonda oyendetsedwa ndi osewera okha, nyumba zanu, dziwani kuti chilichonse chimene chili m'manja mwa osewera chilinso m'manja mwa anthu ngati uja. Fufuzani kaye kuti zida zizigawidwa bwanji, kompyuta izigawa yokha kwa aliyense kapena pakhala munthu mmodzi wogwira thumba. World of Warcraft mu 2018 inachotsa zoti munthu mmodzi azigawira anzake zida, ndipo ambiri anadandaula koma ine ndinamvetsa chifukwa chake. Fufuzaninso shopu ya m'kati mwa gemu, ngati akugulitsa zovala ndi mahatchi okongola palibe vuto, koma ngati akugulitsa zinthu zokwezera mphamvu ya zida dziwani kuti wa ndalama adzakupitirirani ngakhale musewere usiku ndi usana. Komanso onani kuti ma seva ali kuti, sankhani yomwe ikukupatsani ping yotsika osati yomwe kwapita wotchuka wa pa Twitch, webusayiti yomwe anthu amaonerapo ena akusewera, chifukwa kumeneko ndi komwe mzere umakhala wautali kuposa kwina konse. Ikakhalapo beta yaulere, nthawi yoyesera gemu isanatuluke, yesani, ndi pomwe mudzadziwe ngati kompyuta yanu ikuikwanitsa pakadzaza anthu pamalo amodzi, bola musaikepo mtima pa character wa mu beta chifukwa nthawi zambiri amafufuta zonse gemu isanatuluke.

Za kulipiratu ine ndikuti ayi, dikirani mwezi umodzi muone. Gemu itha kuyamba ndi phokoso n'kufa, WildStar inatuluka 2014 anthu akuitama kwambiri, pofika November 2018 ma seva anatsekedwa, zonse anthu anavutikira zinathera pomwepo. Inanso itha kuyamba moipa n'kudzakhala bwino, Final Fantasy XIV yoyamba ya 2010 inalephera mpaka anaitseka n'kuimanganso, inabwereranso 2013 ndipo mpaka pano ili ndi anthu ambiri. Sabata yoyamba sikuuzani chilichonse. Ngakhale kunena zoona mukachedwa kwambiri mudzapeza ma guild abwino adzaza, mitengo ya pamsika wa mu gemu yakwera, anzanu ali pa level yomaliza inu mukupha tinyama ta kumayambiriro nokha m'mapu mopanda munthu, ndipo kukoma kwa masabata oyamba aja pamene aliyense sakudziwa kalikonse, mukufunsana njira, mukufera limodzi pa boss woyamba, sikubweranso kachiwiri. Chimenecho chokha sindinganame, ndinachikonda kwambiri.

Guild musaikhulupirire, musaike chuma chanu chonse mu banki yawo, ikani chomwe chikatayika simudzalira. Koma lowani guild msanga ndithu, chifukwa nokha simudzafika kulikonse, ma raid ndi nkhondo zikuluzikulu zonse zimafuna gulu, ndipo anthu awiri amene ndimasewera nawo mpaka lero ndinawapeza mu guild yomwe ija, anatulukamo okha patatha sabata ine nditachotsedwa. Ingofunsani malamulo ogawira zida tsiku lomwe mukulowa, alembedwe poonekera, mujambule screenshot musunge, ndipo mtsogoleri akayamba kunena kuti malamulo si ofunika chifukwa ndife banja tulukani tsiku lomwelo.

Ineyo ndalembetsa kale za beta, ndikhalanso healer. Mukasankha seva mundiuze pano, ndi anzanga awiri aja tibwera, tikusowa tank.