"Blind" si khungu, ndipo tebulo silitalika: mafunso pa mawu a poker

Mafunso a ulendo uno onse agwera pa masewera a makadi otchedwa poker, makamaka mpikisano wa World Series of Poker umene umachitika chaka ndi chaka ku Las Vegas, m'dziko la America. Mpikisanowu unayamba mu 1970 pa kasino ya Binion's Horseshoe, ndipo kuyambira 1972 wofuna kulowa m'chigawo chake chachikulu, Main Event, amalipira madola 10,000. Ambirife timangouonera pa foni. Koma tikafuna kufotokozera mnzathu zimene taonazo timafotokoza m'Chichewa, ndipo apa mpamene lilime limayamba kupunthwa.

"Ndimalemba nkhani za masewera. Mawu oti small blind ndi big blind ndinawamasulira kuti wakhungu wamng'ono ndi wakhungu wamkulu. Mkonzi wanga wakana. Ndalakwa pati?" Wolemba nkhani, Lilongwe

Bambo, mkonzi wanuyo wakuchitirani zabwino. Choyamba, mawu oti wakhungu amanena munthu, pomwe blind ya pa poker si munthu ayi, ndi makobiri osewerera amene munthu amaponya pakati. Chachiwiri, mwatengera dzina la vuto la m'thupi la anthu enieni pa nkhani ya njuga popanda chifukwa, ndipo owerenga amene ali ndi abale osaona sizingawakomere.

Tiyeni tione kaye chimene chimachitika patebulopo. Pamakhala kambale kakang'ono kozungulira kamene kamaikidwa kutsogolo kwa wosewera mmodzi. Wogawa asanagwire n'komwe makadi, munthu wokhala kumanzere kwa kambaleko amakankhira makobiri pakati. Womutsatira amakankhira ochulukirapo, kawirikawiri kuwirikiza kawiri. Onse awiri sanaone khadi ndi limodzi lomwe. Makadi akagawidwa n'kuseweredwa, kambale kaja kamasunthira kwa munthu wotsatira, ndipo udindo woponya uja umasuntha nako. Palibe amaulumpha. Angerezi anatcha zimenezi blind poona kuti munthu amaponya asanaone. Ife sitikakamizidwa kuyang'ana pomwe iwo anayang'ana. Tingayang'ane pa ntchito ya makobiriwo, ndipo ntchito yake ndi kukakamiza.

N'chifukwa chake ine ndimakonda mawu oti msonkho: msonkho waung'ono ndi msonkho waukulu. Wina anena kuti msonkho umapita ku boma, pomwe makobiri awa atha kukubwererani mukapambana. N'zoona. Koma taganizirani kumene liwuli linachokera. Tsinde lake ndi kusonkha, kumene timachita pamaliro kapena paukwati, aliyense kuponyapo kake kuti pakati pakhale kanthu. Ndipo mu msonkho muli zinthu ziwiri zimene Mmalawi aliyense amazimva osafotokozeredwa: suthawika, komanso umakwera. Blind ndi yomweyo basi. Polemba nkhani yanu, koyamba nenani kuti "blind, msonkho umene osewera awiri amaponya asanaone makadi", kenako pitirizani ndi msonkho. Wowerenga sasochera.

Pali chopereka china chotchedwa ante. Kale aliyense wa patebulo ankaponya kake kakang'ono makadi asanagawidwe, zimene tingangoti sonkhasonkha. Zinkachedwetsa masewera, poti wogawa ankayenera kutolera kwa mmodzimmodzi ndi kubweza chenje. Kuyambira 2019, pa Main Event munthu amene ali pa msonkho waukulu ndiye amaponyera tebulo lonse. Tikhoza kunena kuti amasonkhera anzake onse, podziwa kuti nawonso adzamusonkhera ulendo wawo ukakwana.

Makobiri aja pa Chingerezi ndi chips. Musalembe tchipisi. Kwathu kuno tchipisi ndi mbatatesi ya pachiwaya, ndipo wowerenga akamva kuti wina ali ndi tchipisi 60,000 aona mbale, osati tebulo la makadi. Nenani kuti makobiri osewerera, ndipo onjezani kamodzi kuti pa mpikisano makobiriwa si ndalama zenizeni. Ndi chowerengera chabe, monga njere za pabawo.

"Ndinamva wowulutsa akunena za longest final table. Ndinauza mkazi wanga kuti linali tebulo lomaliza lalitali kwambiri, iye n'kufunsa kuti linali mamita angati. Ndikanati bwanji?" Bambo wa ku Johannesburg

Achimwene, mayi akunyumbawo anamva Chichewa bwino lomwe. Tebulo lalitali ndi ntchito ya kalipentala. Chingerezi chimalola kuti dzina la chipangizo liimire zochitika pachipangizocho, ndiye liwu limodzi limayeza thabwa komanso maola. Ife tikati chinthu chogwirika n'chachitali, timatenga tepi. Kuti kutalika kunene nthawi, payenera kukhala liwu la nthawi kapena la chochitika: nthawi yaitali, ulendo wautali, mlandu wautali.

Liwu lotithandiza tili nalo kale ku mpira: ndime yomaliza. Pa Main Event, ndime yomaliza ndi pamene anthu zikwizikwi aja aphwetekana mpaka kutsala 9 okha patebulo limodzi. Choncho munene kuti "ndime yomaliza imene inatenga nthawi yaitali kuposa zonse". Ngati mukufuna kusunga tebulo, ikani pa- kutsogolo kuti likhale malo: "patebulo lomaliza anakhalapo maola 14". Apo palibe angafunse za mamita.

Maola 14 amenewo sindinangowatola. Mu 2005, pamene Joe Hachem wa ku Australia anapambana madola 7.5 miliyoni, ndime yomaliza inatenga pafupifupi maola 14. Mu 2008, ku London, pa mpikisano wa World Series of Poker Europe, John Juanda anakhala patebulo lomaliza maola oposa 19 asanagonjetse Stanislav Alekhin. Anayamba masana, anamaliza tsiku lotsatira dzuwa litatuluka kale. Pa nkhani ngati iyi Chichewa chili ndi liwu limodzi limene limachita ntchito ya chiganizo chonse cha Chingerezi: anachezera. Timachezera gule, timachezera pamaliro, timachezera ndi mwana wodwala. Mukati "Juanda anachezera patebulo", womvera waona kale maso ofiira, msana wowawa ndi kunja kukuyera. Liwu lotere musamalisiye n'kumathamangira "anasewera kwa usiku wonse".

"Kodi blind structure ndi blind level tingati chiyani? Ndipo n'chifukwa chiyani amati zimenezi ndi zimene zimalamula kutalika kwa masewera?" Wophunzira, Zomba

Mwafunsa funso limene lili pamtima pa nkhani yonseyi, mwanangu. Level ndi gawo la nthawi limene msonkho umakhala pa mlingo umodzi. Pa Main Event gawo lililonse ndi maola awiri. Pakhoma pamakhala wotchi ya pa sikirini imene imawerenga chobwerera m'mbuyo, ndipo ikafika pa ziro, wolengeza amauza ogawa makadi kuti msonkho wakwera. Structure ndi ndondomeko yonse ya magawowo, yolembedwa mpikisano usanayambe. Ine ndimati ndondomeko ya kakweredwe ka msonkho. Anthu ena amalemba kapangidwe, koma kapangidwe timanena za nyumba kapena mpando. Apa tikunena za momwe chinthu chikukwerera, ndiye kakweredwe ndi kamene kakugwira.

Tsono onani mmene kakweredweko kamagwirira ntchito. Wosewera aliyense amayamba ndi makobiri 60,000, ndipo m'gawo loyamba msonkho waung'ono ndi 100, waukulu 200. Ndiye kuti ali ndi misonkho ikuluikulu 300 m'manja. Atha kudikira makadi abwino mosatekeseka. Tiyerekeze kuti wangokhala chete, mulu wake sunakule, ndipo msonkho waukulu wafika pa 6,000. Makobiri ake ndi omwe aja, koma tsopano akukwana misonkho 10 yokha. Kambale kaja kakazungulira tebulo kamodzi, amataya msonkho waung'ono, waukulu ndi wosonkhera anzake uja, pamodzi 15,000. Kuzungulira kanayi, mulu watha asanasewere. N'chifukwa chake osewera enieni sanena kuti "ndili ndi makobiri mwakuti", amanena kuti "ndatsala ndi misonkho 10". Zili ngati mayi amene sawerenga ufa pa makilogalamu, amawerenga masiku amene banja lidyepo.

Patebulo lomaliza masamu ndi omwewo, kungoti manambala ndi aakulu. Mu 2024 pa Main Event analowa anthu 10,112, ndipo Jonathan Tamayo ndiye anapambana madola 10 miliyoni. Chulukitsani 10,112 ndi 60,000, mupeza makobiri oposa 606 miliyoni, onse ataunjikana kwa anthu 9. Msonkho waukulu ukakhala 1 miliyoni, patebulo pali misonkho pafupifupi 600, ndipo anthu atha kupimana modekha. Ukafika 4 miliyoni, yatsala pafupifupi 150, ndipo wa mulu waung'ono sangadikirenso. Ayenera kuponya zonse ndi makadi amene ali nawo. Magawo akakhala aatali ndipo msonkho ukukwera pang'onopang'ono, luso limapeza mpata, koma anthu amachezera. Magawo akafupika, masewera amatha msanga, koma mwayi umalamula kwambiri kuposa nzeru. Okonza mipikisano amavutika ndi muyeso umenewu chaka chilichonse, poti a wailesi yakanema amafuna kudziwa nthawi yotsekera pomwe osewera amafuna mpata wopuma.

Apa mpamene tsinde lija la kusonkha limandisangalatsanso. Timasonkha ndalama, komanso timasonkha moto. Msonkho ukakwera, umasonkhezera moto patebulo. Chiganizo chimenechi mutha kuchilemba momwemo, ndipo n'chathuchathu.

"November Nine ndilembe bwanji?" Mphunzitsi, Chipata

Ndi dzina, aphunzitsi, lisiyeni momwemo, kenako mufotokoze. Kuyambira 2008 mpaka 2016, pa Main Event akatsala anthu 9 mu Julayi masewera ankaimitsidwa, n'kudzamalizidwa miyezi ingapo pambuyo pake, kawirikawiri mu Novembala, kuti a wailesi yakanema akonzekere bwino. Woyamba kupambana mwa njira imeneyi anali Peter Eastgate wa ku Denmark, ali ndi zaka 22. Poyankhula mutha kunena kuti asanu ndi anayi a mu Novembala. Polemba ikani 9.

"Amati ndime yomaliza ya 2018 inali ndi hands 442. Kodi ndi manja 442?" Mayi wa ku Blantyre

Ayi mayi, patebulo la anthu 9 manja ndi 18 okha. Hand apa ndi ulendo umodzi wogawa makadi mpaka wina atatenga makobiri a pakati. Nenani kuti makadi anagawidwa maulendo 442. Liwu lomwelo pa Chingerezi limanenanso makadi amene munthu wagwira, ndipo apo ingonenani kuti makadi ake: "anali ndi makadi amphamvu", osati dzanja lamphamvu, limene kwa ife ndi la munthu wodziwa kumenya kapena kulima.

Chaka chimene mwatchulacho chili ndi liwu linanso lovuta, heads-up. Ndaonapo ena akulemba kuti mutu ndi mutu, koma zimenezo ndi za nkhosa zogundana. Ife timati atatsala awiri, kapena atatsala awiriwiri. Mu 2018 amene anatsala awiri anali John Cynn ndi Tony Miles, ndipo pa maulendo 442 aja, 199 anali a awiriwa okha, kwa maola oposa 10. Anthu akatsala awiri palibenso kobisala, poti ulendo uliwonse mmodzi ali pa msonkho waung'ono, mnzake pa waukulu, kenako n'kusinthana. Cynn anatenga madola 8.8 miliyoni m'mbandakucha. Mukamafotokozera ana anu, munene kuti awiriwa anachezera, makadi anagawidwa maulendo 199, ndipo msonkho unkakwera maola awiri aliwonse mpaka Miles makobiri anamuthera.