Tifunseni: Kodi mtsinje wa Bua ungatipatse magetsi pamudzi?

Funso: Ndimakhala kufupi ndi mtsinje wa Bua, ndipo m'dzinja madzi amasefukira mpaka kumiza madimba athu. Ndimamva kuti magetsi ambiri a dziko lino amapukusidwa ndi madzi a mu Shire. Nanga ife tikugoneranji mumdima madzi ochuluka chonchi akungodutsa? Kodi n'zotheka kuti tisonkherane ndalama pamudzi ndi kugula makina athuathu? — Bambo wina wa ku Santhe, Kasungu

Yankho: Bambo, maganizo osonkherana ndalamawo ndi abwino, koma musanatulutse ngakhale kwacha imodzi, muyambe mwaupima mtsinjewo, chifukwa kuchuluka kwa madzi pakokha sikukwanira. M'madzi mulibe magetsi. Chimene chimachitika n'chakuti madzi otsika kuchokera pamtunda amalowetsedwa m'payipi, nakamenya mapiko a gudumu, ndipo gudumulo limazunguza jenereta yomwe m'kati mwake muli maginito ndi mawaya a kopa, monga momwe tayala la njinga limazunguzira dayinamo kuti nyali iyake. Motero mphamvu imadalira zinthu ziwiri pamodzi: madzi odutsa pa sekondi iliyonse, ndi kutalika kwa pamene madziwo akugwera.

Apa ndi pamene Shire amasiyana ndi Bua wa kwanuko. Pakati pa Matope ndi Chikwawa, Shire amatsika mamita oposa 300 kudzera m'mathithi otsatizana, ndipo m'chigawo chimenechi ndi momwe muli Nkula, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1966, komanso Tedzani ndi Kapichira, zonse zoyendetsedwa ndi kampani ya EGENCO. Kuonjezera apo, Shire amachokera m'nyanja ya Malawi, ndipo zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde zimathandiza kuti madzi azituluka moyezedwa chaka chonse. Bua akachoka ku Mchinji amayenda pang'onopang'ono m'chigwa chathyathyathya chodzaza ndi madambo, ndipo amayamba kutsetsereka kwenikweni akayandikira mbali ya Nkhotakota.

Pali masamu achidule amene amisiri amagwiritsa ntchito pa makina aang'ono. Mumatenga malita odutsa pa sekondi imodzi, n'kuchulukitsa ndi mamita amene madzi akugwa, kenako n'kuchulukitsanso ndi 5, ndipo yankho lake ndi mawati amene mungayembekezere. Kamtsinje kodzaza ndowa ya malita 20 pa sekondi, kakamagwa mamita 10, kangapereke mawati pafupifupi 1,000, okwanira kuyatsa mababu m'nyumba zingapo, kutchaja mafoni ndi kuyendetsa filiji, koma osati chigayo. Pamalo pamene madzi akugwa mita imodzi yokha, mungafunike malita 200 pa sekondi kuti mupeze mphamvu yomweyo, ndipo makina ake amakhala aakulu ndi okwera mtengo.

Kupimako muchite mu Okutobala, dzuwa litaswa mtengo, osati mu Januwale. Ambiri amanyengeka ndi madzi a m'dzinja, chonsecho makina amakhala akufunika madzi miyezi yonse 12, ndipo m'chilimwe ndi pamenenso alimi a m'madimba amakhala akupatutsa madzi omwewo kuti athirire. Pa kamtsinje kakang'ono, tsekani ndi matumba a mchenga kuti madzi onse atulukire pa payipi imodzi, muikepo ndowa, ndipo muwerenge masekondi pa foni. Kutsika kwa malo mungakupime ndi payipi yoonekera mkati yodzaza madzi, yonga imene amisiri omanga nyumba amagwiritsa ntchito poyeza maziko. Madzi osefukira amene mwawatchulawo ndiwo mdani wamkulu wa makina, pakuti amabwera ndi mchenga ndi zinyalala zimene zimadya mapiko. Ngakhale Kapichira, yotulutsa mamegawati pafupifupi 130 (megawati imodzi ndi mawati 1 miliyoni), inaima mu Januwale 2022 namondwe wa Ana ataononga damu lake.

Kumene makina aang'ono akugwira bwino ntchito ndi kumapiri, monga ku Wovwe m'boma la Karonga ndi kwa Bondo ku Mulanje, komwe anthu akumudzi amalandira magetsi ochokera mumtsinje wa Lichenya. Mukanakhala kuti mumakhala m'tsinde mwa mapiri a Mchinji, pafupi ndi kamtsinje kosaphwa, tikanakulimbikitsani kuti muitane katswiri adzaone. Dziwaninso kuti kutseka mtsinje kumafuna chilolezo cha bungwe la boma loyang'anira madzi la National Water Resources Authority, ndipo ngati mudzagulitsa magetsiwo kwa anzanu, muyenera kufunsa kaye ku bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta la MERA.

Kwa inu a ku Santhe, ife tikuona kuti ndalama zosonkhazo zingapindule kwambiri mutagula sola ndi mabatire, popeza sola mungayambe ndi yaing'ono n'kumaonjezera mukagulitsa fodya kapena soya, pamene damu ndi payipi zimafuna ndalama zonse nthawi imodzi. Komabe ngati pali malo amene mukudziwa kuti madzi amagwa mamita angapo ndipo saphwa m'chilimwe, kapimeni ndi kutilemberanso manambala amene mwapeza.