Za manda a Matchaina ku Braamfontein: pitani, koma Jik mumusiye kunyumba

Mayi, mwafunsa ziwiri. Choyamba, ngati zimene munaona ku manda a Braamfontein kuno ku Johannesburg mu April muja, anthu akuotcha mapepala ndi kuyala chakudya patsogolo pa miyala yolembedwa Chitchaina, ndi zamatsenga. Chachiwiri, ngati achinyamata a kumpingo kwanu angakagwireko ntchito yodzipereka ya mphindi 67 ija pa Mandela Day, tsiku lokumbukira Nelson Mandela mu July. Mundikhululukire nditalikitsa, chifukwa malowo ndakhala ndikupitako zaka zingapo tsopano, ndipo ulendo woyamba ndinachita manyazi.

Ndiyambe ndi achimwene amene alemba kuti iwo sanaonepo maliro a Mtchaina, kotero anthuwa ayenera kuti samwalira. Achimwene, kwerani takisi mukatsike pafupi ndi yunivesite ya Wits, muwoloke Enoch Sontonga Avenue, mukalowere geti la ku Graf Street. Mukawapeza ali gone, ena kuyambira nthawi imene agogo a agogo anu anali asanaone njinga.

Zimene munaonazo, Mayi, si ufiti. Ndi mwambo wotchedwa Qingming, Matchaina akale a kuno amati Ching Ming. Umagwa pa 4 kapena 5 April, ndipo mabanja amapita Loweruka kapena Lamulungu loyandikira tsikulo. Ntchito yake ndi yomwe ija timachita kwathu mfumu ikalengeza kuti mawa tonse kukalambula kumanda: kuzula udzu, kusesa, kutsuka chiliza. Akatha amayatsa lubani, timitengo titatu, n'kuthira tiyi kapena mowa m'timakapu, n'kuika malalanje, nkhuku, nthawi zina nkhumba yootcha. Mapepala amaotchawo amaimira ndalama, akuti womwalirayo asasowe chogulira kumene aliko. Kenaka banja limawerama mmodzimmodzi, kuyambira wamkulu, ndipo chakudya chija ambiri amachidya okha pomaliza. Mungathe kusagwirizana nazo monga mkhristu, ndi ufulu wanu. Koma amene anakulira kumudzi, n'kuona agogo akuthira ufa patsinde pa mtengo potchula maina a makolo, sangaone chachilendo pamenepa.

Manyazi anga aja anali otere. Ndinapita ndi thumba lakuda lotolera zinyalala. Pa ziliza zingapo ndinapeza timapepala tachikasu ndi toyera, tatsindiridwa ndi timiyala kuti tisauluke. Ine ndi changu changa ndinayamba kutola, mumtima ndikunyoza anthu otaya zinyalala kumanda. Thumba lili pakati, ndinamva wina akutsokomola kumbuyo. Anali agogo ena achikazi, aafupi, chipewa chachikulu chadzuwa kumutu, m'manja botolo la malita awiri lodulidwa pakamwa muli maluwa. Sanakalipe. Anangotenga pepala limodzi m'thumba langa, n'kuliwongola pabondo, n'kulibwezera pa chiliza, mwala pamwamba. Anandiuza, m'Chingelezi cha pa Joni pomwe pano, kuti pepalalo limasonyeza kuti manda awa ali ndi eni ake, abale abwera chaka chino. Ine ndinali nditafufuta chizindikiro chimenecho pa manda asanu ndi limodzi. Safunsa anadya phula. Tinabwezera limodzi, iwo akuloza, ine ndikuwerama.

Tsono anthu amenewa ndi ndani? Apa pamasokonekera ambiri, chifukwa panali magulu awiri. Nkhondo ya Mabunu ndi Angelezi itatha mu 1902, migodi ya golide inasowa antchito, ndiye eni migodi anakatenga amuna ku China pa kontalakiti ya zaka zitatu. Kuyambira 1904 anabwera oposa 63,000, ambiri ochokera kumpoto kwa dzikolo. Ankatsekeredwa m'makomponi, ndipo pofika 1910 otsala onse anali atabwezedwa kwawo. Oposa 3,000 anafera konkuno. Wa kumgodi masiku amenewo akafa, kaya Mtchaina kaya wa ku Nyasaland, kawirikawiri ankakwiriridwa pafupi ndi mgodi pomwepo, popanda mwala wa dzina. Ife a m'mabanja a Wenela ndi Theba nkhani imeneyi tikuidziwa. Kwathu kuli agogo amene timangoti anatchona, koma mwina sanatchone, anangosowa womulembera kalata.

Gulu lachiwiri ndi la amene anabwera okha, ochokera kummwera, chigawo cha Guangdong: olankhula Chikantoni ndi ena a ku Moiyean. Iwowa lamulo silinkawalola kukumba golide, choncho anatsegula timagolosale, malo ochapira zovala, ena madimba. Ndiwo anayambitsa Chinatown yoyamba ija kumunsi kwa Commissioner Street, kalekale ya ku Cyrildene isanaganiziridwe. Agogo anandidzudzula aja ndi mdzukulu wa anthu amenewa. Sadziwa kwina kuposa kuno.

Mandawo anatsegulidwa mu 1888, mzinda uli ndi zaka ziwiri zokha, ndipo anawagawa monga mzindawo unalili: azungu kwawo, Ayuda kwawo, Asilamu, Amwenye, Matchaina, anthu akuda, aliyense chigawo chake. Tsankho linkaperekeza munthu mpaka kudzenje. Muli manda a anthu amene anafa sitima yodzaza dainamaiti itaphulika mu February 1896. Muli Enoch Sontonga, wopeka nyimbo ya Nkosi Sikelel' iAfrika, amene anamwalira mu 1905, manda ake n'kusowa mpaka 1996 pamene anawapeza ndipo Mandela anakavundukula chipilala chake. Muli Valliamma, mtsikana wachimwenye amene anamwalira mu 1914 ali ndi zaka 16 atangotuluka m'ndende, kumene anatsekeredwa chifukwa chokana malamulo a tsankho.

Koma chiliza chimene ndikufuna achinyamata anu akaime pamenepo nthawi yaitali ndi cha Chow Kwai For. Mu 1907 boma la Transvaal linakhazikitsa lamulo loti Mmwenye ndi Mtchaina aliyense akalembetse, adinde zala zonse khumi, aziyenda ndi chitupa. Amwenye motsogozedwa ndi Gandhi anakana. Matchaina, amene analipo pafupifupi 1,000, motsogozedwa ndi Leung Quinn, nawonso anapangana kuti asalembetse. Chow anali mnyamata wa zaka 24, wantchito wa m'nyumba. Chiyankhulo cha kwawo chinali chosiyana ndi cha Matchaina anzake, ndiye sankacheza nawo kwenikweni. Bwana wake anamuuza kuti akalembetse, apo ayi ntchito yatha. Analembetsa. Atazindikira kuti waswa pangano la anthu a mtundu wake, manyazi anamukulira, anadzipha. Anasiya kalata yofotokoza ndi kupepesa, ndipo anzake aja, m'malo momutaya ngati wogulitsa, anamuika mwaulemu n'kuzokota kalatayo pamwala wake. Mu January 1908 Quinn anali m'ndende limodzi ndi Gandhi, ndipo pa 16 August chaka chomwecho zitupa zinatenthedwa mumphika panja pa mzikiti wa Hamidia, kufupi ndi Fordsburg.

Ndikaima pamenepo sindiganiza za China ayi. Ndimaganiza za anyamata athu a m'magadeni ku Randburg, ogona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya bwana, osadziwa Chizulu, mapepala ali pendapenda, bwana akanena chinthu palibe wofunsa nzeru. Chow uja ndimamudziwa nkhope ngakhale sindinaone chithunzi chake.

Pali chinanso chimene tikufanana. Inu nomwe m'gulu muno mwezi ndi mwezi timasonkha marandi kuti thupi la mnzathu likwere ulendo wa ku Mzimba kapena ku Mangochi, chifukwa palibe afuna kugona kwa eni. Matchaina akale analinso chimodzimodzi. Ku America, ku Australia ndi kwina, munthu ankaikidwa kaye, pakapita zaka anzake n'kufukula mafupa, kuwatsuka, kuwatumiza pa sitima yapamadzi. Ku Hong Kong kuli nyumba yotchedwa Tung Wah Coffin Home, ya mu 1899, kumene mabokosi ankadikirira ulendo wotsiriza wopita kumudzi. Njirayo inatsekeka chitatha chaka cha 1949. N'chifukwa chake pamwala wa Mtchaina dzina la boma kapena mudzi wa kwawo silisowa. Ndi adiresi.

Kuwerenga miyalayo sikufuna digiri. Mizere imatsika kuchokera pamwamba, ndipo mumayambira kudzanja lamanja kupita kumanzere. Mzere wapakati, wa zilembo zikuluzikulu, ndi dzina, loyamba kukhala la mtundu. Kwawo kwa munthuyo kumalembedwa pamwamba kapena pambali. Zaka ndiye zimasokoneza, chifukwa akale ankawerenga potengera ufumu. Mukaona zilembo izi 光緒 ndiye kuti ndi nthawi ya mfumu Guangxu, muphatikize nambalayo ndi 1874: chaka cha 33 ndi 1907. Mukaona izi 民國 muphatikize ndi 1911: chaka cha 10 ndi 1921. Foni imathandiza pa zilembo zooneka bwino, koma pa zofufutika imanama mopanda manyazi, inandiuzapo kuti munthu wina dzina lake ndi "msuzi".

Tsopano za ntchitoyo. Inde, pitani, koma kumanda sikulowedwa ngati kumsika. Kwathu simungatenge khasu n'kulowa m'manda a mudzi wina osadzera kwa mfumu, adzukulu angakutulutseni ndi chindapusa pamwamba. Kunonso mfumu ilipo. Mandawa ali m'manja mwa Johannesburg City Parks and Zoo, alembereni kalata nthawi ikadalipo. Lankhulaninso ndi a The Chinese Association, ndiwo eni maliro. Ndipo pali gulu la anthu odzipereka la Friends of Johannesburg Cemeteries, amene anagwira ntchito yaikulu mu 2023 anthu oipa ataphwanya zipupa zosungiramo phulusa la omwalira pamalo omwewo. Iwowa akudziwa pofunika manja. Kumbukiraninso kuti lamulo la dziko lino la 1999 loteteza zinthu zakale sililola kusintha kapena kugumula chomangidwa chopitirira zaka 60 popanda chilolezo.

Chimene ndikuopa ine si ulesi wa achinyamata anu, ndi khama lawo. Ife Amalawi tikati tiyeretse, timatenga Jik ndi bulashi yawaya, tikufuna chiwale ngati sinki ya kwa madamu. Mwala wa zaka 120 sufuna zimenezo. Jik amalowa m'mwala n'kusiya mchere umene umaufumbutsa m'kati pang'onopang'ono. Viniga ndi mankhwala a m'chimbudzi amadya miyala yoyera ija ya marble. Waya amapalira limodzi ndere ndi zilembo zomwe, ndipo chilembo cha Chitchaina chikataya kamzere kamodzi chasanduka mawu ena, mwina dzina la banja lina. Madzi a pampopi, bulashi yofewa, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, basi. Mwala umene ukusendeka ngati khungu la njoka musaukhudze n'komwe. Wogwa musaudzutse, ndi wolemera kuposa mmene ukuonekera ndipo umathyoka pakati kapena kuthyola phazi la mwana wa eni. Zidutswa zisiyeni pomwe mwazipeza. Kamtengo komera m'mng'alu kaduleni, musakazule, mizu imatuluka ndi maziko. Penti wofiira kapena wagolide wobwerezera zilembo ndi ntchito ya banja, si yanu.

Kunena zoona, mphindi 67 za kusesa sizipita patali, udzu umameranso mvula ikangogwa mu October. Chimene chimakhalitsa ndi kulemba. Agaweni awiriawiri, wina foni wina kope. Chiliza chilichonse zithunzi zitatu: chonse, zilembo pafupi, ndi china chosonyeza oyandikana nacho. Apatseni manambala mzere ndi mzere, ajambule kamapu ngakhale ka pamanja. Zilembo zikakhala zosaoneka musapake choko kapena makala. Tengani galasi loyang'anira nkhope, wina aime pambali alozetse dzuwa kuti kuwala kudutse chopingasa pamwalapo. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinakuwa. Mwala umene ndinkauyesa wosalala unatulutsa mizere itatu yathunthu, ngati munthu wayankhula. Zonsezo mukazipereke kwa eni ake aja, musangozisunga m'foni imene ibedwe mawa pa renki ya matakisi ya Bree.

Paja za kubedwa: musapite mmodzimmodzi, ngakhale masana. Yendani pagulu, dziwitsani mlonda wa pageti, zikwama zisiyeni kunyumba. July kuno udzu umakhala wouma ngati wofolera, choncho zinyalala musatenthe, nyamulani m'matumba. Magolovesi ndi nsapato zotseka, chifukwa mabotolo osweka ndi ambiri kuposa njoka. Mukapeza malalanje kapena timakapu pa chiliza, auzeni anyamata asatole, ngakhale njala itawawa bwanji. Mukakumana ndi banja likuchita mwambo, perekani moni, patukani, ndipo musajambule osapempha. Kuimba nyimbo yanu imodzi ndi pemphero poyamba ntchito palibe angakuletseni, koma sipika ya m'tchalitchi ija ikhale.

Mukagwirizana tsiku ndi a khonsolo mundiuze m'gulu momwemuno. Ndidzabwera ndi galasi langa ndi mabulashi anayi ofewa amene ndili nawo. Inu mudzabwere ndi zigubu za madzi, musadalire kuti mukapeza mpopi pafupi.