Mwana akufuna timugulire ndege yakale, tigule?

Bambo wina wa ku Bvumbwe walemba kuti mwana wawo akuphunzira kuyendetsa ndege ku South Africa, wauluka maola 15, ndipo wapeza ndege yaing'ono ya mtundu wa Cessna 152 yogulitsa. Mwanayo akuti kugula kutchipa kusiyana ndi kulipira ndege ya sukulu ola lililonse. Iwo akuganiza zogulitsa munda wa makadamiya.

Bambo, mundawo musaugulitse kaye. Ndege za Cessna 152 anasiya kupanga mu 1985, choncho imene mwana wanu waionayo yatha zaka pafupifupi 40 kapena kuposa. Ukalamba wokha si vuto, ambiri aphunzirira ndege zimenezi ndipo zikuulukabe. Nkhani yagona pa injini. Injini ya ndege zoterezi, yopangidwa ndi kampani ya Lycoming, imayenera kuphwasulidwa ndi kukonzedwanso ikayenda maola pakati pa 2,000 ndi 2,400, kapena pakatha zaka 12, ndipo ntchito imeneyo ikhoza kudya ndalama zoyandikira mtengo wa ndege yonse. Ndege ikatchipa modabwitsa, kawirikawiri ndiye kuti maolawo atsala pang'ono kutha. Penti yonyezimira isakunamizeni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mabuku a ndegeyo, momwe amalembamo ola lililonse ndi chilichonse chimene chinakonzedwa, awerengedwe ndi injiniya wa ndege amene mwadzipezera nokha, osati mnzake wa wogulitsa. Masamba ena akasowa, ingochokanipo.

Mukati muibweretse kuno, iyenera kulembetsedwa nambala yoyamba ndi 7Q, chizindikiro cha ndege za ku Malawi, mupeze poisunga ku Chileka, mafuta a ndege otchedwa avgas, inshuwalansi, ndi zida zosinthira zogula ndi madola, amene mukudziwa mmene akusowera. Chinyontho cha chiperoni chimene chimakometsa tiyi wathu chimadyetsa dzimbiri ndege yongokhala.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti maola 15 ndi ochepa. Laisensi yoyamba, PPL, imafuna maola 45 ku South Africa, ndipo yogwirira ntchito, CPL, imafuna 200. Kugula kungakhale kwanzeru pakati pa ziwirizi, pamene munthu akusonkhanitsa maola, makamaka akasonkherana atatu kapena anayi, sukulu itavomereza kuphunzitsira ndegeyo.

Mumufunse mwanayo ngati anapimidwa kale ndi dokotala wa za ndege n'kulandira chiphaso cha zaumoyo cha Class 1, chimene chimafunika pa laisensi ya CPL. Maso osasiyanitsa mitundu bwino kapena vuto la mtima likhoza kumuletsa ntchitoyi. Ngati sanapimidwe, ndalama yoyamba ipite kumeneko mwezi uno.