Lachiwiri amabwera 6, Loweruka amatulukira 25: yankho kwa akochi a ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene akuphunzitsa timu ya anyamata a m'dera lawo ku Area 25, mumzinda wa Lilongwe. Funso lawo mwachidule ndi ili: "Anyamata anga ndi aluso, koma kokonzekera Lachiwiri ndi Lachinayi amabwera 6 kapena 7 basi. Tsiku la gemu onse 25 amatulukira, aliyense akufuna jezi. Akalowa m'bwalo aliyense amasewera zake, ndipo timachinyidwa ndi matimu oti luso satiposa. Ndingawaphunzitse bwanji matakitiki?"

Akochi, zikomo polemba, koma ndikukhumudwitsani pang'ono. Vuto lanu lagona pa kagawidwe ka jezi, matakitiki abwera pambuyo. Ngati mnyamata akudziwa kuti atha kujomba sabata yonse, Loweruka n'kuyamba gemu chifukwa ali ndi mwendo wamanzere woopsa, Lachiwiri adzabwereranji? Ndipo 6 okhulupirika aja akuona zonsezo ali pabenchi. Tsiku lina nawonso adzatopa.

Ine zinandionekerapo. Ndinali ndi womwetsa zigoli wina, wakabaza, amene ankafika tsiku la gemu lokha, nsapato zili pakhosi. Loweruka lina ndinamusiya panja. Tinagonja 2-0, masapota ananditukwana mpaka pamsewu, ena ankati ndadya ndalama za timu inayo. Koma Lachiwiri lotsatira kunabwera anyamata 14, iyenso anali pomwepo, njinga ataikhazika pansi pa mtengo wa mango.

Tisawaweruze mopitirira anyamatawa. Ambiri ali ndi maganyu, ena sukulu, ena ali ndi mabanja oti adye madzulo. Choncho masiku ndi nthawi musasankhe nokha. Khalani nawo pansi mugwirizane, kenako lamulo likhale lomveka: wabwera kawiri ayamba gemu, wabwera kamodzi adikire pabenchi, amene sanaoneke komanso sanauze kaputeni asagwire jezi. Gulani kope la sukulu muzilemba maina. Mukapambana ndalama ku bonanza, gawani potsatira kope lomwelo, muona okha akukumbutsana. Nthawi ikhale yochepa, ola limodzi ndi mphindi 15 zakwana, ndipo muziyamba ngakhale afika atatu okha. M'miyezi ya June ndi July ku Lilongwe dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndiye mukamadikira ochedwa mudzasewera mumdima.

Tsopano za zimene mumachita akabwera. Ndikukayikira kuti mumayamba ndi kuwathamangitsa kuzungulira bwalo maulendo 10, monga tinkachitira tonse kale. Munthu wapalasa njinga tsiku lonse, kapena wanyamula njerwa kuyambira m'mawa, inu n'kumuuza kuti athamange popanda mpira? Ndi chifukwa china chimene sabwerera. Mpira uzikhala pamwendo kuyambira mphindi yoyamba, mpweya adzaupeza momwemo.

Anthu 6 amene mukuwadandaulawo ndi okwanira ndendende pa masewero amene ndimawakhulupirira kwambiri. Ikani patapata kapena mabotolo anayi kupanga bwalo laling'ono, mapazi 10 mbali iliyonse. Anayi aime m'mbali azipatsirana, awiri alowe pakati azilanda. Wotaya mpira ndiye alowe pakati. Ku Spain amati rondo, ndipo Johan Cruyff anawalimbikitsa kwambiri atakhala mphunzitsi wa Barcelona mu 1988. Poyamba aloleni akhudze mpira momwe angafunire, pakatha masabata awiri muwauze kuti kawiri kokha. Imani pafupi muonetsetse zimene zichitike. Mnyamata amene anazolowera kulandira mpira maso ali pansi adzalowa pakati kasanu motsatizana, anzake akumuseka. Ulendo wachisanu ndi chimodzi adzayamba kucheuka mpira usanamufike, kuti adziwiretu kopereka. Amene wapereka adzasuntha mapazi awiri kuti aonekenso. Kucheuka ndi kusuntha kumeneko ndiye matakitiki amene mukufunsawa, ndipo simunajambule kalikonse pabolodi.

Akachuluka, agaweni asanuasanu ndi magolo ang'onoang'ono, muikepo lamulo limodzi: chigoli chiwerengedwa pokhapokha timu yonse itadutsa mzere wapakati. Otchinga kumbuyo amene amakonda kuima manja m'chiuno akuonerera adzakakamizika kukwera. Matimu a m'madera amachinyidwa kwambiri chifukwa cha chimpata chimene chimakhala pakati, akutsogolo ali uko, akumbuyo ali kuno, osewera pakati awiri akufa ndi liwiro. Lamulo limeneli limatseka mpata umenewo.

Wina akalakwitsa, imbani wezulo, aliyense aime pomwe ali, mumufunse kuti, "Iwe, unaona ndani?" Akaloza mmodzi, mufunsenso kuti, "Nanga uyu ali yekha apayu?" Musamuuze yankho. Tsiku la gemu mawu anu samveka pakati pa phokoso la masapota ndi mavuvuzela, mnyamatayo amafunika aganize yekha.

Anyamata athu onse amakumbukira chigoli cha Gabadinho Mhango cha patali chija, pamene Flames inkasewera ndi Morocco mu mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Cameroon mu January 2022, ndipo aliyense amafuna kuchibwereza pabwalo la fumbi. Muziwakumbutsa kuti gemu imeneyo tinagonja 2-1, komanso kuti tinafika bwanji m'ndime ya matimu 16. Tinachinya Zimbabwe 2-1, kenako ku Bafoussam tinafanana mphamvu 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané, imene inadzatenga chikhocho. Munthu payekhapayekha a Senegal ankatiposa kutalitali. Chimene chinatisunga ndi choti mizere inali yothithikana, wina akatuluka kukalanda mnzake ankatseka malo ake. Ngati muli ndi foni ndi bando, pezani zidutswa za gemu ya Senegal imeneyo muonere limodzi, muwauze kuti asayang'ane mpira koma anthu amene alibe mpira.

Za 4-3-3 kapena 3-5-2 musavutike nazo chaka chino. Imani pa 4-4-2 (otchinga kumbuyo anayi, apakati anayi, akutsogolo awiri), aliyense adziwe malo ake ndi mnzake wapafupi. Zofunika kuloweza ndi zochepa: tikataya mpira wapafupi athamangire wolandayo pamene ena akubwerera, tikaupeza a m'mbali atambasuke mpaka pamzere. Mphindi 10 zomaliza Lachinayi lililonse zikhale za makona, aliyense adziwe munthu wake, goloboyi azolowere kukuwa. Inunso mukapeza mpata funsani ku Central Region Football Association za maphunziro a makochi amene FAM imachititsa, oyambira amathandiza.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni. Lamulo la jezi lija mulilengeze pamaso pa onse 25 Loweruka likubwerali gemu isanayambe, munene kuti liyamba kugwira ntchito sabata ya mawa, kuti pasadzapezeke wonena kuti munamutchera msampha. Muwauziretunso akomiti ndi amene amakugulirani mipira, chifukwa mukadzasiya panja katswiri wanu, foni yoyamba idzachokera kwa iwowo. Pakatha mwezi mundilembere, ndikufuna ndidziwe kuti kope lija likuti chiyani.