Yankho kwa aphunzitsi a Sitandade 3 amene mwana wa m'kalasi mwawo akulephera mayeso onse

Aphunzitsi, mwafunsa kuti mungamuyese bwanji mwana amene wabwereza kalasi kawiri, poti ku TTC (koleji yosula aphunzitsi) simunaphunzire mokwanira za ana ofunika chithandizo chapadera. Chonde musathamangire kumutchulira vuto. Imeneyo ndi ntchito ya achipatala ndi aphunzitsi a ukatswiri, ndipo dzina likamumata mwana, anzake ndi makolo omwe amamutayiratu.

Mbali yanu ndi kuonetsetsa n'kumalemba m'kope. Mukhazikeni kutsogolo. Kodi amafinya maso poyang'ana pa bolodi? Buku amaligunditsa kumaso? Mukamuitana muli kumbuyo kwake amacheuka? M'makutu mumatuluka mafinya? Ana ena amene timawanena kuti ndi mbuli amangovutika kumva kapena kuona basi. Makolo afunseninso mwaulemu ngati mwanayo amagwa khunyu kapena anadwalapo malungo aakulu.

Tsono pa mayeso penipenipo. Funso limene walephera polemba, mufunseni pakamwa muli awiri. Masamu mumupatse timiyala kapena zitsekerero za mabotolo awerengere. Akayankha bwino, ndiye kuti phunzirolo akulidziwa, chikumugwetsa ndi kuwerenga kapena kulemba. Apa m'pamene ambirife timalakwira ana: timati tikuyesa masamu, pomwe tikuyesa maso ndi dzanja. Muwonjezereni nthawi, zilembo zikhale zazikulu, mafunso akhale ochepa patsamba.

Kope lija mupite nalo kwa ahedi, iwo alumikizane ndi a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'deralo) kuti mphunzitsi wa maphunziro apadera adzamuone. Ambiri mwa aphunzitsi amenewa anaphunzira ku koleji ya Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, komwe amasula akatswiri a ana osaona, osamva ndi ovutika kugwira maphunziro. Vuto n'lakuti ndi ochepa, moti m'modzi amayendera sukulu zambirimbiri. Boma linatulutsa ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 mpaka 2021, koma kunena zoona, msonkhano wa tsiku limodzi ku TDC (malo ochitira maphunziro owonjezera a aphunzitsi) sungamusule mphunzitsi wa ana oposa 100 m'kalasi. Zimenezi zimafunika kuphunzitsidwa mozama ku TTC komweko, wophunzira uphunzitsiyo n'kuyeserera pa ana enieni.

Zolemba zanuzo musazitaye, zizitsatira mwanayo kalasi ndi kalasi. Akadzafika Sitandade 8, a MANEB amakonza mapepala a braille (zilembo za osaona) ndi a zilembo zazikulu, koma sukulu imayenera kuwadziwitsa nthawi yolembetsa mayina, osati mayeso atayandikira.