Musanaphatikize mafayilo okhomawo, onani kaye ngati pali osainidwa

Achemwali, nditangowerenga zoti masitetimenti anu a kubanki akukana kulowa mu PDF imodzi chifukwa cha mapasiwedi, mtima wanga wayambanso kuthamanga. Zinandionekera ine pamene ndinkafunsira malo a maphunziro, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima.

A kusukuluko ankafuna zonse mu fayilo imodzi: masitetimenti, satifiketi, ndi kalata ya kuntchito. Ndinaimba foni kukafunsa, bambo wa mu ofesiyo n'kundiyankha mothamanga kuti, "Ingophatikizani zonse, mafayilo awiri sitilandira." Usiku woti mawa lake akutseka, ndinakhala pa kompyuta. Masitetimenti anatseguka bwinobwino ndi pasiwedi imene banki inandipatsa, koma pulogalamu itafika powalumikiza inakana, n'kufuna pasiwedi ina. Ndinalemba yomweyo kambirimbiri, mpaka kukayikira ngati zala zanga zikugunda mabatani oyenera. Apa m'pamene ambiri timasokonekera. PDF imatha kukhala ndi mapasiwedi awiri. Ina ndi yotsegulira kuti muwerenge, ina ndi ya mwini wake, imene imaletsa kusintha, kukopera kapena kusuntha masamba. Banki imakupatsani yoyambayo basi. Yachiwiriyo simudzaiona, ndipo mapulogalamu ngati Adobe Acrobat amalemekeza chiletsocho.

Ndinadutsa njira ya kumbali. Ndinatsegula sitetimenti iliyonse mu Chrome, kulemba pasiwedi, kudina Print, kusankha Save as PDF. Fayilo yatsopanoyo imatuluka yosakhoma. Ndinalumikiza zonse, kalata ya kuntchito ili pomwepo, ndinatumiza pakati pa usiku maso akuwawa, ndinagona.

Yankho linabwera ndili pakati pa anzanga kuntchito. Ndinatsegula imelo pa foni ndikumwetulira, poganiza kuti ndi uthenga wabwino. Mizere inali itatu yokha: pempho lakanidwa, siginecha ya pa kalata siyikutsimikizika, chikalatacho chikuoneka kuti chinasinthidwa. Mawu oti "chinasinthidwa" ndinawawerenga mpaka sikirini inazima m'manja mwanga. Manja anachita thukuta, pakhosi panauma, ndinatuluka panja osauza munthu. Ine amene sindinakhudze ngakhale chilembo chimodzi, ndikuoneka ngati wachinyengo! Ndinaimbira bambo uja mawu akunjenjemera. Anati iye sananenepo zoti ndiphatikize zonse, ndipo tsiku latha, ndidikire chaka chamawa. Anadula foni ndisanamalize kulankhula.

Munthu ameneyu ntchito yake ndi kulandira zikalata tsiku ndi tsiku. Sakudziwa kuti kalata yosainidwa pa kompyuta siyiphatikizidwa ndi ina? Kapena ankadziwa, kungoti kufotokoza kunamulaka? Siginecha ya mtundu umenewu si chithunzi cha dzina chimene mumaona pansi pa tsamba. Imawerengera fayilo yonse momwe inalili posainidwa, moti mukangosuntha tsambalo kupita mu fayilo ina, imafa kapena imangotsala chithunzi chopanda umboni. Chiganizo chimodzi chochokera kwa iye chikanandipulumutsa. Amalemba malamulo awiri otsutsana, "fayilo imodzi" ndi "siginecha yotsimikizika", kenako wolangidwa n'kukhala iwe wofunsira. Zimandiwawa kwambiri chifukwa sindine ndekha, alipo ambiri amene amangokanidwa osauzidwa n'chifukwa chake.

Ndiye inu, musanachite kalikonse, tsegulani fayilo iliyonse mu Adobe Acrobat Reader muone ngati pamwamba pakutuluka kamzere konena za siginecha. Mabanki ena amasainanso masitetimenti awo. Ikakhalapo, fayilo imeneyo musaiphatikize. Alembereni imelo amene akufuna mafayilowo, osati kuimba foni, muwafunse ngati angalandire ZIP kapena mafayilo osiyana. ZIP imangonyamula mafayilo osawasintha, siginecha ndi pasiwedi zimakhala momwemo. Yankho lawo mulisunge.

Ngati palibe siginecha, ntchito yake si yovuta. PDFsam Basic ndi pulogalamu yaulere, imagwira pa kompyuta yanu osatumiza kanthu pa intaneti, ndipo imakufunsani pasiwedi ya fayilo iliyonse musanalumikize. Amene sachita mantha ndi kulemba malamulo pa sikirini yakuda ya command line angagwiritse ntchito qpdf, nayonso ndi yaulere. Ngati pasiwedi mwaiwala, musataye nthawi ndi mapulogalamu olonjeza kuthyola. Mafayilo ambiri a masiku ano amakhomedwa ndi njira yolimba kwambiri yotchedwa AES, ndipo chimene mapulogalamuwo amachita ndi kungoyesa mawu mmodzimmodzi. Bwererani ku imelo imene banki inatumizira sitetimenti, nthawi zambiri amafotokoza momwemo mmene pasiwedi yake imapangidwira.

Chinanso chimene anthu amaiwala: fayilo yophatikizayo siyitenga mapasiwedi akale. PDF imodzi imakhala ndi loko mmodzi wa fayilo yonse, osati wa tsamba lililonse, ndipo kawirikawiri imatuluka ilibiretu. Nambala ya akaunti yanu, malipiro anu, zonse zili poyera kwa aliyense woipeza. Ngati mukutumiza pa imelo, ikhomeninso, pasiwedi muitumize pa uthenga wina. Ngati mukukweza pa webusaiti yawo, isiyeni yotseguka chifukwa mawebusaiti ambiri otere amakana fayilo yokhoma, koma mukamaliza muifufute pa kompyuta iliyonse imene si yanu, ndi mu Recycle Bin momwe.

Mawebusaiti aulere ophatikizira ma PDF amene ena akukuuzani amagwiradi ntchito, koma mukuwapatsa sitetimenti pamodzi ndi pasiwedi yake. Ine chikalata cha kubanki sindingachikweze kumeneko.

Komabe ngati akutseka mawa ndipo sakukuyankhani, musakhale manja lende. Phatikizani zonse, ngakhale yosainidwayo, mutumize nthawi isanathe, chifukwa wochedwa samuyang'ana n'komwe. Kenako nthawi yomweyo atumizireni mafayilo oyambirira aja pa imelo, osawakhudza, mulembe kuti ndi omwewo amene ali mu fayilo yophatikiza. Mujambulenso sikirini yosonyeza nthawi imene mwatumizira.